“Tiona mwezi wa mawa”: za kukamba ndi abwana nkhani ya malipiro

Mu Blantyre muno muli anthu amene angathe kukangana ndi kondakitala kuchokera m'tauni mpaka ku Chirimba chifukwa cha chenji cha K200, koma atha zaka zinayi akulandira salale imodzimodzi osatsegula pakamwa. Pamsika wa Limbe timanenerera mpaka mayi wa tomato kutiikira basela. Tikafika pakhomo la ofesi ya abwana, malovu amauma, miyendo imalemera, ndipo zimene tinakonza usiku wonse zimathera pa “ndimati ndingokupatsani moni bwana.”

Ndakhala zaka zingapo ndikukonza ma payslip pakampani ina yopikulitsa katundu cha ku Ginnery Corner. Tebulo langa linali pafupi ndi chitseko cha abwana, ndipo khoma lotisiyanitsa linali la thabwa lopyapyala, moti zambiri zokambidwa m'katimo zinkandipeza ndisanazifune. Ndamva anthu ambiri akupempha kuti awakwezere malipiro. Ochepa okha ndi amene ankatuluka atakwezeredwadi, ndipo sanali olimbikira ntchito kuposa anzawo. Ankasiyana ndi enawo pa zimene ankanena akakhala pampando uja.

Ambiri amalowa ngati mmene analowera madala ena oyendetsa lole, munthu wokhulupirika amene sanasowetsepo ngakhale katoni imodzi ya sopo. Anavula kapu ali panja, n'kukhala kunsonga kwa mpando, manja ali pakati pa maondo.

“Pepani bwana, ndabwera kudzadandaula pang'ono. Kunyumba zinthu zathina. Alandilodi akweza lendi, mwana amubweza kusukulu chifukwa cha fizi, ndiye mayi akunyumba nawo akungodwaladwala.”

“Pepani kwambiri madala. Zinthu zavutadi paliponse. Mukufuna zingati kuti mudutse mwezi uno?”

Patangopita mphindi zochepa ndinaitanidwa. “Apatseni madalawa adivansi ya K60,000, muzidula katatu.” Madala aja anatuluka akuwomba m'manja, akuthokoza mpaka pakhonde. Miyezi itatu yotsatira payslip yawo inkatuluka yoperewera K20,000, lendi ili yokwera yomweyo.

Abwanawo sanachite nkhanza. Anayankha funso limene anafunsidwa. Munthu ukabwera ndi vuto la kunyumba, amene akukumvera amaganiza za mmene angakuthandizire kudutsa vutolo, ndipo njira yachidule ndi ngongole. Komanso lendi sinakwerere iwe wekha. Akakukwezera chifukwa cha lendi, mawa pakhomopo pakhala mzere wa anthu onse a m'kampani, aliyense ndi landilodi wake. Bwana aliyense amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kulira kumabala adivansi. Nkhani ya malipiro imayenda ikakhala ya ntchito imene ukugwira ndi mtengo wake lero, ndipo pamenepo pamafunika manambala.

Manambala oyamba si ako ayi, ndi a dziko. Mu May 2022 Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imene inali cha m'ma K1,180 n'kufika pa K1,700. Masiku omwewo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo tonse tikukumbukira mmene minibasi, shuga, mafuta ophikira ndi buledi zinatsatira. Munthu amene ankalandira K300,000 anagona ali ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 254, n'kudzuka ali ndi madola 176, pepala lake la malipiro lisanasinthe ngakhale nambala imodzi. Kumayambiriro kwa 2024 ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inkalengeza kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi maperesenti opitirira 30 poyerekeza ndi chaka chapitacho.

Tanthauzo lake ndi loti salale imene sinasunthe kuyambira nthawi imeneyo yadulidwa, kungoti palibe anakulembera kalata yokudziwitsa. Ndipo chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti, iwe n'kukuwonjezera 10 peresenti, katundu amene unkagula ndi K100,000 akufuna K130,000 pomwe m'thumba muli K110,000. Uthokoze ndithu, ulemu suwononga kanthu, koma udziwe kuti wabwerera m'mbuyo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuzilekanitsa zinthu ziwirizi polankhula ndi abwana: kubwezera malipiro mphamvu imene yatayika, ndi kuwonjezera chifukwa ntchito yako yakula. Ukaziphatikiza, amakupatsa kachidutswa ka choyambacho n'kukuuza kuti akukweza.

Pali chinanso chimene anthu a m'maofesi ang'onoang'ono amachimva kuwawa koma sachitchula. Mu February 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000, kenako mu 2025 anafika pa K126,000. Zinali zoyenera. Koma makampani ambiri anakweza okhawo amene lamulo linawakakamiza. Kalaliki amene wagwira zaka zisanu ndi ziwiri, amene ankalandira kawiri kuposa mnyamata wongoyamba kumene kunyamula makatoni, anapezeka kuti akusiyana naye ndi ndalama ya thiransipoti ya sabata imodzi. Ngati ndiwe kalaliki ameneyo, mfundo imeneyi ndi yako, ndipo siifuna kunyoza mnyamata uja. Ukungofunsa kuti kusiyana kumene kunalipo pakati pa maudindo awiriwa kwapita kuti.

Amene anandiphunzitsa mmene nkhaniyi imayendera anali mtsikana wa ku sitolo, wolemba katundu wolowa ndi wotuluka, wokhala ku Bangwe. Sanali wolongolola. Lachiwiri lina anapempha kaye kuti, “Bwana, ndingapeze mphindi khumi zanu Lachinayi m'mawa? Ndikufuna tikambirane za ntchito yanga ndi malipiro anga.” Ananeneratu mutu wa nkhani, sanabise. Lachinayilo analowa ndi pepala limodzi lotayipa, makope awiri, limodzi n'kupereka kwa abwana.

Papepalapo panali zinthu zochepa. Tsiku limene anayamba ntchito ndi malipiro ake a nthawiyo. Ntchito zimene zinalembedwa m'kalata yomulembera ntchito. Pansi pake, ntchito zimene zinawonjezeka chichokereni mnzake amene anapita ku Johannesburg ndipo sanalowedwe m'malo: kuwerengera katundu kumapeto kwa mwezi, kutsatira ma invoice a makasitomala a ku Mulanje ndi ku Thyolo, kutsegula sitolo Loweruka. Kenako mzere umodzi wosonyeza kuti katundu wosowa powerengera anatsika chiyambireni iye kusunga makiyi, ndipo manambalawo anali ochokera m'mabuku a kampani momwemo. Kumapeto kwenikweni analemba ndalama imene ankafuna.

“Bwana, panopa ndikugwira ntchito ya anthu awiri. Ndikupempha kuti basic yanga ifike apa.” Analoza nambala ija ndi chala, n'kukhala chete.

Kukhala chete kumeneko kumavuta. Ambiri tikangotchula nambala timachita mantha ndi mawu athu omwe, n'kuyamba kudzitsitsa tokha: “komabe ngati sizingatheke, chilichonse chimene mungakwanitse bwana.” Abwana asanayankhe n'komwe, wadzichotsera theka. Mtsikana uja anangodikira. Abwana anawerenga pepalalo kawiri, anadandaula za dola, anati nambalayo yakula. Iye anafunsa kuti, “Nanga imene ingatheke ndi iti, ndipo iyamba mwezi uti?” Sanapeze yonse imene analemba, koma imene anapeza inalowa pa basic, kutanthauza malipiro enieni osaphatikiza alawansi, ndipo ndine ndinaitayipa mwezi womwewo.

Za nambalazi, anthu ambiri salakwitsa potchula yaikulu, amalakwitsa posatchula n'komwe. “Mundiganizireko bwana” si nambala. Woganiziridwa amapatsidwa K10,000 n'kuuzidwa kuti asauze anzake. Usanalowe, fufuza kuti ntchito ngati yakoyo ikulipidwa bwanji kwina. Funsa amene munaphunzira nawo limodzi, amene ali ku Makata kapena ku Chichiri pa ntchito yofanana, ndipo uwafunse za basic, osati zimene amanena pa bawa. Bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa kawirikawiri chiwerengero cha ndalama zimene banja la m'tauni limafunika pamwezi kuti lipeze zofunika zenizeni, ndipo manyuzipepala amazilemba. Nambala imeneyo singakakamize bwana aliyense, koma imathandiza kuti yako isaoneke ngati wailota.

Uwerengerenso zimene zidzafike m'manja mwako. Mwa malamulo a msonkho a 2024, K150,000 yoyamba inalibe msonkho wa PAYE, ndipo yotsatira mpaka K500,000 inkadulidwa 25 peresenti. Choncho wolandira K300,000 akamuwonjezera K50,000, msonkho unkatenga K12,500, penshoni n'kutenga K2,500, iye n'kutsala ndi pafupifupi K35,000. Magawo a msonkhowa amasintha ndi bajeti ya boma, ndiye ufunse a akaunti kuti panopa ali pati. Ndaonapo anthu akusangalala muofesi ya abwana, kenako n'kudzandikalipira ine pa 28 kuti ndawabera. Ngati ukufuna K50,000 ya m'manja, upemphe yoposa pamenepo, ndipo mumvane bwinobwino ngati mukukamba ya musanadule kapena ya mutadula.

Tsopano msampha umene mabwana ochenjera amaukonda: alawansi. “Basic tisaikhudze, koma tikupatsani K40,000 ya thiransipoti ndi ya eyataimu.” Pamwezi zimaoneka chimodzimodzi. Koma lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo m'makampani ambiri maperesentiwo amawerengera pa basic. Ovataimu nayo imachokera pa malipiro ako a pa ola: kamodzi ndi theka pa maola owonjezera a tsiku wamba, kawiri ukagwira tsiku lako lopuma kapena la holide. Chaka chamawa akamadzakweza aliyense ndi maperesenti, adzawerengeranso pa basic yomweyo. Ndipo alawansi imene yabwera pakamwa imathanso kuchoka pakamwa, tsiku limene bizinesi yatsika. Sindikuti uikane. Kampani ikakhala kuti yapanikizikadi, alawansi ndi bwino kuilandira kusiyana ndi kutuluka chimanjamanja, koma ilembedwe, ndipo mugwirizane mwezi umene idzalowe pa basic.

Nthawi yolankhulira ndiyosavuta kuidziwa ukakhala ndi maso. Usapite pa 27 pamene abwana akuthamangathamanga kusaka ndalama zolipira anthu, kapena tsiku limene katundu wakanirira ku Mwanza. Dziwa mwezi umene kampani yanu imakonza bajeti yake. Boma chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 April, makampani ena amatseka mabuku mu December, ena mu March kapena mu June. Upite miyezi iwiri bajetiyo isanatsekedwe, chifukwa ikatsekedwa yankho limakhala lokonzeka kale, ndipo limakhala loona: “Mwachedwa, bajeti yadutsa.” Ndipo usayambitse nkhaniyi pamaliro, pa phwando la Khrisimasi, kapena pa WhatsApp usiku.

Yankho lofala kwambiri mumzinda muno si “ayi”. Ife sitikonda kukana munthu pamaso. Yankho lake ndi “tiona”, “tikuganizirani”, “dikirani zinthu zikhazikike kaye”. Pali anthu akudikirabe kuti zinthu zikhazikike chichokereni namondwe wa Freddy mu March 2023. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo “tiona” ndi fodya wa ku mphepo. Njira yake si kukwiya. Umafunsa mwaulemu kuti, “Zikomo bwana. Ndibwerenso liti kuti tidzamalize nkhaniyi?” Akatchula mwezi, madzulo ake umalemba kakalata kapena imelo ya mizere itatu: kuthokoza chifukwa cha nthawi yawo, kubwereza zimene mwakambirana, ndi tsiku limene mwagwirizana. Kope imodzi usunge kunyumba, osati mu kompyuta ya kuntchito yokha. Mabwana amasintha, a ofesi yoona za antchito (HR) amachoka, ndipo wobwera kumene sadziwa malonjezo a pakamwa a mnzake.

Ena amalangiza kuti uwopseze kuti ukuchoka. Ine ndimati usatchule za ntchito ina pokhapokha kalata yake ili m'chikwama ndipo uli wokonzekadi kupita. Blantyre ndi wamng'ono. Eni makampani a ku Limbe amadziwana, amapemphera limodzi, ana awo amakwatirana, ndipo foni imodzi yokha imakwana kuti adziwe ngati ukunama. Ndinamvapo bwana akuyankha modekha kuti, “Zabwino zonse achimwene, mutisiyire makiyi Lachisanu.” Munthuyo analibe kolowera. Ukakhala nayodi kalatayo, inene mosaopseza: wapeza mwayi kwina, ukadakonda kukhala, kodi angafikepo pa nambala imeneyi? Ukatero wawasiyira mpata woti akusunge popanda kuoneka ngati agonja.

Mantha aakulu ndi oti akuchotsa ntchito, ndipo si mantha opanda pake m'dziko limene ma digiri ali pa kabaza. Mawu oti “panja pali anthu ambiri akufuna ntchito yanuyi” tonse tinawamvapo. Koma ndi bwino kudziwa pamene lamulo laima. Employment Act ya 2000 imati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Kupempha malipiro mwaulemu si mlandu. Lamulo lomwelo limati anthu ogwira ntchito yofanana mtengo alipidwe mofanana, popanda tsankho la kuti uyu ndi mkazi kapena ndi wa mtundu wakuti. Zikavuta kuli ofesi ya Labour, ndipo kupitirira apo kuli khoti la milandu ya pantchito la Industrial Relations Court, konkuno ku Blantyre. Mbali inayo ndi yoti lamulo silikakamiza bwana kukweza malipiro chaka ndi chaka ngati akulipira kale mopyola malipiro otsikitsitsa, pokhapokha zitalembedwa mu kontirakiti yako kapena m'mgwirizano wa kampani ndi bungwe la antchito. Choncho kawerengenso kalata imene unasayina tsiku loyamba lija, mwina muli mzere wa kuunikanso malipiro pachaka umene aliyense anauiwala.

Pamalo pamene pali anthu ambiri ogwira ntchito yofanana, monga m'mafakitale, kwa alonda kapena m'mashopu akuluakulu, kupita wekhawekha sikuthandiza kwenikweni, chifukwa bwana sangakweze mlonda mmodzi n'kusiya makumi anayi. Pamenepo mphamvu ili pa gulu. Labour Relations Act ya 1996 imapereka ufulu wolowa bungwe la antchito, ndipo mamembala akakwana 20 peresenti ya antchito pamalopo, bungwelo lingathe kuitanira olemba ntchito pa tebulo la zokambirana. Malipiro otsikitsitsa aja sakwera okha. Amakwera a mgwirizano wa mabungwe a antchito wa Malawi Congress of Trade Unions, a bungwe la olemba ntchito la ECAM ndi boma atakokanakokana.

Kunena chilungamo, si bwana aliyense amene akuti “zinthu zavuta” akunama. Ndinkaona mabuku. Panali miyezi imene kampani inali ndi makwacha kubanki koma dola yoitanitsira katundu osaipeza, mashelefu ali opanda kanthu, malole ataima pamzere wa dizilo tsiku lonse. Wantchito wanzeru amayang'ana zimenezi. Ngati malole akutuluka odzaza, nthambi yatsopano yatsegulidwa ku Lunzu, abwana asintha galimoto, ndiye kuti “zavuta” ija ndi nyimbo chabe. Ngati zavutadi, pali zina zimene ungapemphe zosafuna ndalama zambiri lero: dzina la udindo logwirizana ndi ntchito imene ukugwiradi, kukulipirira mayeso a zaakaunti a ICAM kapena kosi ya madzulo ku yunivesite ya MUBAS, kukuika pa sikimu ya chipatala, kapena Loweruka limodzi lopuma pamwezi. Dzina la udindo anthu amalipeputsa, koma ndi limene udzalembe pa CV pofunsira ntchito kwina, ndipo kumeneko adzakuyeza ndi dzinalo.

Chimodzi chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chobisirana malipiro ngati matenda. Makampani amakonda kunena kuti salale ndi chinsinsi, ndipo amene amapindula ndi chinsinsicho si iwe. Ine amene ndinkaona ma payslip onse ndikudziwa kuti anthu awiri a tebulo limodzi amatha kusiyana ndi K80,000 popanda chifukwa china koma chakuti wina ananenerera tsiku lolembedwa ntchito, winayo anangoti “chilichonse bwana.” Akazi ndi amene ankapezeka kwambiri m'gulu lachiwirili. Komabe ukadziwa za mnzako, usakamutchule dzina muofesi ya abwana. Umupalamulira, ndipo nkhani idzachoka pa malipiro ako n'kupita pa “wakuuzani ndani?” Ingodziwa mumtima kuti nambala imene ukupempha ndi yotheka pakampanipo.

Ambiri amene tikudandaula za mabwana athu m'tauni, madzulo tikafika ku Chilomoni, ku Machinjiri kapena ku Namiwawa timasanduka mabwana nafenso. Kunyumba kuli anti amene amalera ana, kuli achimwene a pageti kapena a kudimba la maluwa. Iwowa sabwera ndi pepala lotayipa. Amadikira mwadya, n'kuima pakhomo la kukhitchini akupukuta manja pa chitenje: “Mayi, sopo uja kumsika wafika pena.” Kapena amapempha tchuthi choti akaone odwala kumudzi kawiri pamwezi umodzi, chikhalirecho akukayesa ntchito kwina. Malipiro otsikitsitsa a antchito a pakhomo anachoka pa K38,000 kufika pa K52,000 mu 2024, kenako pa K72,800 mu 2025, ndipo m'nyumba zambiri za anthu ovala mataye nambala zimenezi sizinafikebe. Mnzanga wina amene amagwira ntchito kubanki anachita zoti mwezi umene iye wakwezeredwa, anti a kunyumba kwake amakwezeredwanso ndi maperesenti omwewo, ndipo amawalembera m'kabuku kamene onse awiri amasayina pa 30. Anti amenewo akhala naye chibadwire mwana wake woyamba, amene chaka chino walowa Fomu 1.